Zimene Ndinadula

Umezawa anabwerako ku nkhondo khutu lakumanzere litafa.
Mkulu wa kampani akayamba za ndalama
ankamutembenuzira khutu lomwelo,
n'kumagwedeza mutu mwaulemu.

Ine Fusae ndinali ndi lumo ndi magolovesi oyera
m'kachipinda kopanda zenera ku Kyoto.
Iye kujambula, ine kudula,
zaka makumi atatu ndi ziwiri.

Kanema woyamba tinakajambula ku Osaka,
mzinda uli phulusa lokhalokha.
Sitinamange kanthu, mabomba anali atatikonzera kale malo.
Mtsikana wogulitsa mbatata yootcha pasiteshoni
ndiye anakhala wamasiye wa m'nkhaniyo,
malipiro ake makapu asanu a mpunga.
Filimu inkasowa kuposa shuga,
moti ankaiyeza ndi chikhatho
ngati telala pansalu ya eni.

Asilikali achimereka anaonera ali pampando wakutsogolo,
wina akutafuna chingamu.
Anati, chotsani apo mwana akutola ndudu
yotayidwa ndi mnzathu.
Ndinadula, koma sindinataye.
Ndinaponya m'chitini cha tiyi.

Mvula ndiye inali matenda ake.
Ozimitsa moto ankabwera ndi mapaipi awo,
osewera ali zyolizyoli, mano akuombana,
iye phee, kenako: "Tibwereze."
Chaka china anadikira mtambo umodzi masiku anayi,
anthu makumi asanu akudya za kampani.
Mtambo utafika anauyang'ana, nati si umenewo.

Mkazi wake Chiyono anachoka chaka chimene analandira mphotho.
Kalata analembera ine, ya mzere umodzi:
"Muzimukumbutsa kudya."

Kenako wailesi ya kanema inalowa m'nyumba za anthu,
maholo athu n'kusanduka malo a juga.
Anayamba kujambula malonda a sopo,
masekondi khumi ndi asanu a thovu ndi mano oyera.
Ngakhale pamenepo anapempha mvula.
Anamuseka anyamata a mataye.

Anatsikira kuli chete m'chipatala cha ku Nara, m'nyengo yachisanu,
anamwino osadziwa kuti nkhalamba ya pabedi lachitatu
inaliritsapo anthu zikwi mumdima.
Ndinawerama kukhutu lakumanja, lamoyo lija,
ndi mawu amene ndinawasunga zaka zonsezo.
Nalonso linali litatseka.

Zitini zilipo zisanu ndi ziwiri tsopano.
Tulo tikakana ndimayatsa nyale
n'kumakweza tizidutswa m'mwamba, kamodzikamodzi:
mwana uja ndi ndudu yake,
wamasiye akuseka posayenera kuseka,
galu amene analowerera pamaliro,
ndi kena, ka tsiku limene anaiwala kuzimitsa kamera.
Mwini wake ali pamenepo, chipewa chili chonyowa,
dzanja pachipumi, kukamwa yasa,
akudikirabe mtambo uja.