Msomali wa mu Nsagwada

Dzino ndinalisiya pa mtsetse wa Ku Chawe
tsiku lomwe mabuleki a njinga anandikana
nditanyamula matabwa asanu a paini.
Ndinalifunafuna m'miyala, magazi ali chuchuchu,
anyani akundiyang'ana ngati ndabwera kudzawabera.
Silinapezeke.

Zaka zinayi ndinatafunira mbali imodzi,
kuseka nditaphimba pakamwa ndi chikhatho,
mpaka Tiyanjane anatumiza ndalama kuchokera ku Joni:
Ababa, pitani akakuikeni lina.

Dokotala Namaona anakweza chithunzi pawindo
kuti dzuwa lochokera ku Matawale lichiwalire.
Taonani, apa fupa lafota.
Dzino litachoka, nsagwada inaona kuti ntchito yatha
ndipo inayamba kusamutsa katundu wake mwakachetechete.
Fupa ndi waganyu, bambo,
pomwe palibe chonyamula silikhalitsapo.

Ine kalipentala wa zaka makumi atatu
ndinkayesa fupa ndi thabwa louma,
chinthu chomalizidwa kale, chongodikira manda.

Anaboola.
Mutu wonse unanjenjemera, mlomo uli dzanzi ngati wobwereka.
Analowetsa kabawuti kotuwa, kakafupi kuposa chikhadabo,
nasoka nkhama pamwamba pake.
Miyezi inayi osalumira pamenepo.
Chimanga chowotcha ayi, nzimbe ayi,
fodya muyambe kumuiwala lero.
Ndinafunsa: nanga guluu wake ndi uti?
Anaseka mpaka magalasi kutsetsereka.
Kulibe guluu. Fupa libwera lokha.

Akuti m'katimo muli antchito osaoneka ndi maso,
ena ogumula, ena omanga,
ndipo sakangana.
Wogumula akadutsa, womanga ali pambuyo pake,
usana, usiku, ngakhale pa Sabata.
Ndinkagona ku Chikanda mvula ikugogoda malata,
lilime likupita kukazonda pamalopo
ngati kapitawo wosakhulupirira anyamata ake.
Nyundo osaimva.
Utuchi osauona.
Mayi a Tiyanjane amvekere, gonani inu,
mwayesa akulipirani ovataimu?

Mwezi wachitatu ndinakumbukira chipika cha mkungudza
chimene ndinagula kwa Che Mdoka kalekale.
Sowo inalowa bwinobwino, kenaka khwee!
mano atatu a sowo pansi.
Nditang'amba ndi nkhwangwa ndinapeza msomali wadzimbiri
umene wina anakhoma mtengo ukadali mwana,
kaya popachika chikwangwani, kaya chingwe cha zovala.
Mtengo sunaulavule.
Unauzinga chaka ndi chaka, mzere pamwamba pa mzere,
mpaka mlendo anasanduka wa m'nyumba.
Tsiku limenelo ndinatukwana.
Lero ndikadavula chipewa.

Chithunzi chachiwiri.
Pakati pa mazinga a kabawuti, paja panali mdima,
payera ngati nkhungu ya Juni ikamatsika phiri
kudzakwirira nyumba zakale za boma.
Namaona anagogoda ndi kachitsulo, ngwe, ngwe.
Mwamva? Likanalira ngati dzungu ndikanadandaula.
Pakhosi pake patsika pang'ono, kuchepa ngati njere ya mawere,
chaka choyamba zimatero.
Koma muzibwera tizidzayeza,
ndipo mswachi uzifika mpaka kuseri.

Anamanga dzino loyera pamwamba,
loyera kuposa anzake, ngati mwana wa kutauni pamaliro a kumudzi.
Tsopano tafunani, anatero.
Antchito aja amamanga pomwe akumva kulemera.

Pa Mpondabwino ndinagula mtedza wokazinga wa handiredi.
Ndinaika njere imodzi mbali yomwe ndinaisala zaka zinayi,
ndinatseka maso pakati pa minibasi ndi akabaza.
Phwa.
Dzinoli silimva kuzizira, silimva kutentha,
koma pansi pake china chake chinayankha,
ngati munthu wovomera moni ali kuchipinda.

Lakale lija likadali kuphiri, m'mbali mwa msewu.
Mwina muzu wa paini unalipeza kale
ndipo ukulizinga, osafunsa kuti ndi la yani.