Tsamba la Khumi ndi Chinayi

Ku Grenoble kumada msanga mu Januwale.
Mapiri afunda chipale chofewa mpaka m'khosi,
ndipo ine Oriane ndatsala ndekha m'chipinda cha masamu,
ine, bolodi, ndi khofi wozizira m'kapu ya pepala.

Ntchito yanga si kuphunzitsa makina kuganiza.
Alipo ochita zimenezo, ndipo m'thumba mwawo muli bwino.
Yanga ndi kufunsa:
kampope ka insulini kamene kali pamimba pa wodwala shuga,
kakakumana ndi nambala yosiyana pang'ono chabe
ndi zimene kanaphunzira,
kasochera mpaka pati?
Sindifuna kumva zoti "kawirikawiri kamachita bwino."
Ndifuna mpanda wa masamu,
woti ngakhale mbuzi yaliuma bwanji isapezepo polowera.

Ndaumanga miyezi khumi ndi isanu ndi inayi.
Kontrakiti ndi ya zaka ziwiri.
Zotsalazo werengani nokha.

Ilyes, amene tinkagawana naye tebulo ili,
anawoloka nyanja chaka chatha.
Amanditumizira zithunzi za mandimu a pakhomo pake,
ati kampani ikusaka anthu ngati iwe, ukudikiranji?
Amayi ku Voiron funso lawo ndi limodzi:
kodi sukulu yakoyi idzatha liti, mwanawe?
Zaka zanga ndi makumi atatu ndi zinayi,
mabuku akadali m'makatoni a nyumba yapita ija.

Pepala liyenera kupita mawa, usiku usanagawike.
Masamba makumi atatu ndi limodzi.
A Pulofesa Garcin awerenga, avomera.
Ine ndimangobwereza kuti mtima ukhale m'malo.

Ndiye pa tsamba la khumi ndi chinayi,
mzere wachitatu kuchokera pansi,
ndinalemba kuti "n'zoonekeratu kuti."
Sizoonekeratu ayi.
Ndinasinthanitsa malire awiri ngati ana amapasa,
chonsecho mmodzi ali ndi chipsera.
Bowo lake n'lochepa ngati diso la singano,
koma madzi sapempha khomo lalikulu.

Ndakhala pansi.
Sitima ya mumsewu yadutsa kawiri, yopanda anthu.
Palibe amene angaone.
Owunika mapepala ndi otopa ngati ine ndemwe,
amawerengera m'ndege, diso limodzi lili mtulo.
Pepala likalowa, dzina lalowa.
Dzina likalowa, mwina ntchito yokhazikika ku Rennes,
makatoni n'kumasulidwa,
amayi n'kupeza funso lina.

Komatu ndine ndemwe amene ndimaima Lachinayi lililonse
pamaso pa ophunzira oyasamula
n'kumati makina odalirika ndi amene amatha kunena
kuti "apa sindikudziwa,"
amene amaima pamene mapu athera.
Choko cha mawu amenewo chikadali m'zikhadabo zanga.

Ndaganiza za munthu amene sindidzamuona,
ali gone chagada, pakamwa pali yasa,
kampope kakuwerenga magazi ake mumdima,
moyo wake utatsamira
pa mzere wachitatu kuchokera pansi.

Itakwana 2 koloko ndalembera a Garcin:
Tsamba 14 lili ndi bowo. Tisatumize.
Chala chinazengereza, sindinama.

Ayankha kusanache, kaya amagona liti:
Bwera ndi choko chatsopano. Buledi ndibweretsa.

Sindikudziwa ngati bowolo litsekeka.
Mwina mu Epulo. Mwina mpanda wonse ngokhota
ndipo tiyambira pa mzati woyamba,
miyezi isanu ili m'manja.

Mayi Fadila alowa ndi ndowa yawo,
apeza ndikuwodzera pa jekete.
Ayang'ana bolodi, ayang'ana ine.
"Ndifute?"
Futani mbali iyo, mayi, imene ikuoneka yokongolayo.
Uku kodetsedwaku musakhudze,
ndi kumene kuli ntchito.