Sitolo Yopanda Chitseko

A Harawa, eni nyumba, andifunsanso m'mawa uno:
"Kodi sitolo yakoyo ili pati?
Ku Taifa ndafunsa, palibe akukudziwa."
Ndawaonetsa foni yong'aluka galasi.
Aseka, nati lendi yokha sikhala pa intaneti.

Muno m'Chibavi, m'chipinda cha zenera limodzi,
bwana ndine, mesenjala ndine,
wowerengera ndalama ndine ndemwe.
Lachiwiri ndinadzichotsa ntchito,
madzulo ake n'kudzilembanso
poti panalibe wina wofunsira.

Uchi, khofi wa ku Misuku, mpunga wa kilombero,
ndimazijambula pakhonde
dzuwa likaboola nkhungu ya Juni,
mphindi khumi zokha, kenako mvula yowaza.
Magetsi nawo amachita kudikira
kuti nditsale pang'ono kumaliza.

Eni malo amene tsamba langa limagonapo
sindinawaonepo nkhope.
Amafuna madola, mwezi ndi mwezi,
ndipo ku banki mtsikana wa zikhadabo zofiira
akuti ndibwerenso sabata yamawa.

Dzulo munalowa anthu khumi ndi anayi.
Ndisaname: kasanu ndi kawiri ndinali ine,
katatu ndi Vitumbiko, mlongo wanga,
nditamuopseza kuti sadzabwerekanso chaja.
Anayi otsalawo anasuzumira
opanda odi, opanda tapita.
Wina anadzaza dengu mpaka pakamwa
n'kulisiya pakhomo.
Mpaka pano ndikumuganizira.
Ndinalakwa mtengo? Chithunzi? Kapena netiweki inamuthawa?

Ndiye usiku, atambala asanayambe,
foni inalira.
Mayi wina wa ku Zomba, dzina lake Esinala:
mabotolo awiri a uchi,
ndalama yalowa kale.
Ndinadzuka, ndinafuna womuuza.
Pakhoma panali nalimata.
Ndinamuuza.

Kutacha ndakwera sakaramento kupita ku depoti,
katoni pamiyendo, ndaifunditsa juzi yanga,
ine mano akugundana.
Kondakitala watchula mtengo wake osandiyang'ana,
theka la phindu latsala m'thumba mwake.
Ndalemba nambala ya basi pachikhatho
n'kuiperekeza ndi maso mpaka itakhota.

Zotsalazo ndagula bandulo
ndi chimanga chimodzi chootcha pa Katoto.

Pobwerera ndapeza a Harawa atakhala pakhonde,
kope la lendi lili pabondo.
Ndawauza kuti sitolo yagulitsa.
Ati: "Yewo, mwana wane. Nanga umatseka nthawi yanji?"

Ndaima, kiyi ali m'manja.
Sindinaganizepo zoti n'kutseka.