Mlongoti wa ku Kaliyeka

Ndinagulitsa njinga yanga ya kabaza
mu Okotobala, fumbi lili m'mano,
n'kukagula chitsulo cha mamita khumi ndi awiri
kwa owotcherera a pa Biwi.
Anandifunsa: n'cha mbendera?
Ndinati ayi, n'cha intaneti.
Anaseka mpaka kutula magalasi awo akuda.

Mlamu wanga Sekani anawerenga pa zala:
layisensi, fomu, chidindo, fomu inanso,
rauta yodikira madola ku banki
ngati wodwala pa mzere wa ku Bwaila,
mabatire awiri, sola imodzi yong'aluka pakona.
"Ukugulitsa mphepo," anatero,
"mphepo yomwe akuluakulu akugulitsa kale."
Ndinati inde, koma iwowo sadziwa
kuti kuseri kwa chigayo cha a Kadzamira
foni imangoti zii, ngati yagwera m'chitsime.

Tinaimika mlongoti Loweruka,
anyamata asanu, zingwe zinayi,
ine pamwamba, mawondo akuwombana,
malata adzimbiri a ku Kawale ali pansi panga,
utsi wa njerwa ukukwera cha ku Chinsapo.
Ndinalozetsa kambale koyera ku nsanja ya m'tauni
n'kugwira mpweya.
Kanyali kanaphethira.
Kofiira. Kofiira.
Kobiriwira.

Woyamba kulipira anali Zione, telala,
wofuna kuona masitayilo a madiresi a ukwati.
Wachiwiri, mtsikana wophunzira unamwino
amene amawerenga usiku, mwana akagona.
Wachitatu sanalipire konse:
pasiwedi inayenda khomo ndi khomo
ngati mchere wopemphana,
ndipo madzulo ana makumi awiri
anatsamira mpanda wanga, nkhope zikuwala.

Koma nyumba zisanu ndi ziwiri za kumunsi
sizinkalandira kanthu.
Pakati panali mtengo wa mango wa mayi Nachisale,
wotambalala ngati msonkhano.
"Nthambi imodzi yokha, mayi.
Ndikupatsani miyezi itatu yaulere."
Anapitiriza kuchapa.
"Mtengowu anadzala bambo a Mwatitha
chaka chomwe tinagula puloti.
Iwo anapita. Mtengo ulipo.
Zako zosaonekazo zizungulire."

Sizizungulira.
Ndinakongola ku banki mkhonde,
chiwongoladzanja chonditafuna tulo,
n'kuwonjezera mamita atatu.

Disembala anabwera ndi mphenzi.
Usiku umodzi, kung'anima kumodzi,
rauta inanunkha ngati tsitsi lopserera.
Foni yanga inalira mpaka kutentha m'thumba:
bwezani ndalama, mbava inu,
mayeso anga ndi mawa.
Ndinakhala pa ndowa yovundikira,
kope la makasitomala lili pa bondo,
mayina khumi ndi asanu ndi anayi,
ena olembedwa ndi pensulo.
Sekani sananene kuti ndinakuuza.
Anangobwera ndi makwerero
ndi ndalama yomwe amasungira matayala.

Masiku asanu ndi limodzi tinali mu mdima wathu.
Lachisanu ndi chiwiri, kobiriwira.

Lero ndili ndi nyumba makumi anayi ndi imodzi.
Phindu lake limakwana sopo, lendi,
ndi theka la ngongole.
Ndimadziwa galu wa khomo lililonse,
denga lomwe limaterera,
ndi yemwe amalipira pa faifi, yemwe amalipira akakumbuka.
Magetsi akazima ndimamvetsera mabatire
ngati mayi womvetsera chifuwa cha khanda.

Dzulo m'mamawa kunagogoda munthu.
Mayi Nachisale, beseni la mango pamutu,
foni yakale yomangidwa ndi mphira m'dzanja.
"Mwatitha ali ku Joni," anatero.
"Akuti mdzukulu wanga wamera mano.
Ndikufuna ndiwaone manowo."

Ndinalemba dzina lawo ndi bolopeni.
Ndinakwera pa denga lawo,
masamba a mango akundikwapula kumaso,
n'kufunafuna mpata pakati pa nthambi
pomwe mlongoti wanga ukuonekera,
kachitsulo kowonda, kopendekeka pang'ono,
khwangwala atatera pansonga pake.