Kadontho Kabuluu

Pa Lizulu malire ndi msewu.
Ndikawoloka tala kukapikula mbatata tsidya lija,
foni imanjenjemera pachifuwa:
takulandirani ku Mozambique.
Mapazi khumi ndi awiri okha, fumbi ndi lomweli,
koma wina kwinakwake walemba kale
kuti ndatuluka m'dziko.

Ndinaigula kwa Dalikeni, wokonza mafoni pansi pa ambulera,
galasi long'aluka pakona ngati chidendene cha mu Julaye.
Tsiku loyamba inandifunsa mafunso m'Chingerezi.
Makasitomala anali chilili, tomato ali m'manja,
ndiye ndinangodina, kudina, kudina,
monga umayankhira moni wa munthu wodutsa.

Dalikeni akuti kumeneko kunali kuvomera.
Akuti kuseri kwa nyanja zamchere
kuli nyumba zopanda mawindo, zozizira kuposa Dedza m'mamawa,
momwe makina amatutira mapazi a anthu m'nkhokwe.
Ine mmenemo ndine kadontho kabuluu,
ndipo kadonthoko amakachita okushoni ngati fodya,
ndisanaphethire n'komwe,
kwa yense wofuna kundionetsa katundu wake.

Ndinaseka mpaka kugwira nthiti.
Ndani angagule mapazi a Nangozo?
Kudimba, kumjigo, kumsika, kukwaya Loweruka.

Koma kunabwera Lachiwiri lija.
Ndinakwera minibasi ya ku Ntcheu boma osatsanzika munthu.
Mimba salengeza, imadziulula yokha.
Maola atatu pabenchi la kusikelo,
chiphaso nditabisa m'chitenje.
Apongozi sanadziwe. Mchemwali wanga sanadziwe.
Mwini wake anali ku Tete ndi lole ya malasha.
Usiku womwewo, pakati pa mitengo ya feteleza
ndi zithunzi za ukwati wa msuweni,
panatulukira matewera,
ndi kamwana konenepa kakuseka ndi nkhama zokha.

Ndinaponya foni pamphasa ngati yandiluma.
Kenako ndinaitola.
Ndinakayang'ana kamwanako mpaka batire kufiira.

Mwezi wachisanu ndi chitatu anabwera osalira.
Nthayo siliridwa, anatero azimayi aakulu.
Tinapita akazi okhaokha kusanache,
kumapeto kwa manda kumene khasu silizama.
Foni inali pamfundo ya chitenje changa. Inapita nawo.
Iyenera kuti inalemba:
kadontho kaima mphindi makumi anayi
pamalo opanda sitolo, opanda dzina.

Siinamve kalikonse.
Ikuwerengabe miyezi payokha.
Mu Okutobala inandionetsa mabotolo a mkaka.
Mu Malichi, phala la m'chitini.
Dzulo, ndikusadzula masamba ofota a kabichi,
tinsapato tofiira ta woyamba kumene kuyenda.
Mayi wina amafunsa mtengo wa mulu,
ine pakamwa gwa, ngati ndameza mwala.

Dalikeni wandizimitsira kabatani kena mkatimo.
Basi anti, sakuonaninso.
Kenako anakanda m'mutu:
mwina pang'ono, nsanja zija sizigona.
Ndikanaiponya m'chimbudzi,
koma amalole a ku Limbe amaimba pomwepo,
ndalama ya mbatata imalowera momwemo.
Ndiye ili pano, yofunda ngati kanthu kamoyo,
pamalo pomwe pakanatsamira mutu wina.

Inu a m'nyumba zopanda mawindo,
odziwa njira zanga kuposa galu wa pakhomo,
mlenje wa kwathu akaona magazi m'mapazi a nyama
amadziwa kuti yavulala.
Inu mumangowerenga mapazi.

Gulitsani. Gulitsani msewu wa kusikelo,
gulitsani kanjira ka mame kaja.
Koma dzina ndinali nditamusankhira kale.
Sindinalilembe paliponse,
sindinalitchulepo mokweza, ngakhale kwa bambo ake.
Ndimaliyendetsa pansi pa lilime
ndikamawoloka tala m'mawa,
uku foni ikunjenjemera, ikundilandira kudziko lina.