Amene Sakulira

Juni wa ku Tsangano saluma khungu, amaluma fupa.
Ndalowa ntchito ndi majuzi awiri pansi pa yunifolomu,
makiyi m'thumba, tochi m'khwapa.
Pabolodi la usiku alembapo dzina limodzi.
Langa.

Woyamba wabwera pangolo ya mbatatesi.
Bambo Chidzanja, thukuta kamukamu m'chisanu chonchi,
akutukwana khoma, akuponya mkono ngati ofesa mawere.
Mlamu wawo akuti, "Aledzera awa, Sisita,
ingowabayani yogonetsa."
Ndiwerama, ndinunkhiza. Kachasu palibe.
M'jekete muli kabuku kakuchipatala kopindika
ndi mapilisi a shuga.
"Adya chiyani lero?"
"Akhala akukumba chim'mawire."
Ndibaya chala. Kamakina kanena nambala yaing'ono
yoti munthu sangaimirire nayo.
Shuga wam'botolo alowa mumtsempha pang'onopang'ono,
kenaka maso aja abwerera kwawo,
afunsa amene wawavula nsapato.

Cha m'ma naini, khanda la miyezi isanu ndi iwiri
lokutidwa zitenje zinayi.
Mayi wake akuti langokana bere.
M'khonde ana ena awiri akukuwa mpaka malata kuyankha.
Amenewo ayambe adikira, mapapo awo ndawamva kale.
Ili silikulira.
Ndivundukula. Pansi pa nthiti pakulowa, pakutuluka, pakulowa,
pakhosi pakugunda ngati pa buluzi wothamangitsidwa.
Ndiyang'ana wotchi, ndiwerenga mphindi yathunthu osaba:
makumi asanu ndi limodzi, ndi zinayi pamwamba.
Jakisoni pantchafu. Timachubu m'mphuno.
Makina a mpweya ndi amodzi,
ndiwasisita pamsana ngati ng'ombe yokalamba,
ndipempha batire la sola lisatigonere.

Nangozo sanandivutitse.
Mimba yachisanu, njira aidziwa kuposa ine.
Wani koloko mwana wamkazi ali pachifuwa,
apongozi aliza kanthungululu kakunong'ona.
"Ndili bwino, pitani mukaone enawo."
Ndikadapita.
Phazi linali kale pakhomo
pamene anayasamula, napempha madzi kachitatu.
Ndibwerera. Chikhatho chawo chili zii,
mtsempha wapamkono ukuthamanga koma mopepuka
ngati mbewa m'udzu.
Dzanja langa pansi pa mchombo:
pofunika kulimba ngati dzungu
pali wofuwofu.
Ndikweza bulangete.

Zotsatirazo manja anachita okha.
Kusisita, kusisita, jakisoni, diripi kuno, diripi uko,
zitenje zonyowa ndikuziwerenga, osazitaya.
Popachika botolo lachiwiri palibe.
Ndicheuka: Bambo Chidzanja, opanda nsapato, aima panja pa katani,
nkhope atatembenuzira kukhoma, mkono uli m'mwamba.
"Patseni kuno, ndine wamtali."

Foni yakuboma yalowa pakuyesa kwachinayi.
"Ambulasi ndi imodzi, mafuta ndi a ulendo umodzi,
silinda ya mpweya ilibe kanthu.
Titenge ndani?"
Kusukulu funso ili linali ndi mayankho anayi
ndi mphindi ziwiri zoganizira.
Kuno lili ndi amayi awiri ondiyang'ana.
Mpweya uli pano, m'galimoto mulibe.
Magazi ali kuboma, pano palibe.
Ndati, "Mayi."
Mayi wa khanda uja sanayankhule,
anangokonza kachubu kamene sikanasunthe.

Nyali zofiira zamira m'chifunga cha kumtunda.
Ndikhala pabenchi, wotchi m'dzanja,
ndiwerenganso. Makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu.
Ndiwerenganso. Makumi asanu ndi ziwiri.
Malole a kabichi ayamba kutsokomola kumsika.

Mpamene lalira.
Kulira kwaukali, kwa munthu wolakwiridwa,
likukankha timachubu, likusakasaka bere.
Bambo Chidzanja adzuka, akuti phokoso.

M'buku la lipoti muli mizere itatu ya usiku wonse.
Iwiri ndadzaza.
Wachitatu ndasiya cholembera pamenepo,
foni pambali pake,
mabatani akuyang'ana kumwamba.