Masiku Atatu

Ndodo yake yoyamba ndinasema ndine,
nthambi ya gwafa yopindika kunsonga,
mpira wake ndimu youma.
Ndodoyo inali yaitali kumuposa Twaibu,
mwana wa ku Chinamwali
komwe mayi ake, Abiti Sanudi, amaswa miyala
n'kumaigulitsa pa wilibala.

Zaka zisanu ndi ziwiri ndamuphunzitsa hoke
pabwalo la fumbi kuseri kwa sukulu,
golo lake njerwa uku, njerwa uko.
Pinda mawondo, osati msana.
Yang'ana kutsogolo, sunataye kobidi.
Menya ndi mbali yosalala yokha.
Ena ndimawauza mpaka pakhosi kuuma;
iye ndinamuuza kamodzi, Lachiwiri lina,
nkhungu ikutsetsereka kuchokera ku Chawe.

Loweruka lija anabwera a ku Blantyre,
amuna awiri ndi mayi wa kabuku kofiira.
Anaima pamthunzi osaomba m'manja.
Twaibu atadutsa anthu anayi ngati akudutsa mumsika
mayi uja anatsekula cholembera ndi mano.
Timu ya dziko, ya achinyamata.
Kenako pepala, ndime yachinayi:
wobadwa pa 1 Januwale chaka chakuti
kapena pambuyo pake.

Buku lake la kusikelo linali m'jumbo la shuga,
m'munsi mwa sutikesi, pansi pa zitenje.
Namwino analemba ndi dzanja lopendekeka:
29 Disembala.

Masiku atatu.
Nthochi m'nkhuti imafuna ochulukirapo kuti ipse.
Maliro a munthu wamba amatha masiku atatu.
Ine malungo anandigonekapo sabata yathunthu
ndipo palibe anandichotsa pa mndandanda wa amoyo.

Nkhoma wa fotokope ku Mpondabwino anaseka:
Aphunzitsi, inki ndi inki basi.
Anzanu akubweretsa ana ometa ndevu m'mawa uliwonse,
ana oti kunyumba akudikiridwa ndi ana awo.
Anandionetsa pafoni azungu a kumaiko ozizira
akuthamanga pa madzi oundana, nsapato za mipeni,
nati kumenekonso mwana amamuyeza ndi tsiku lobadwa
ngati fodya pa sikelo.
Zikwi zisanu, mawa mudzatenge.

Sindinama: ndinafunsa kuti amatseka nthawi yanji.

Madzulo ndinakwera mtunda wa Chinamwali
bukulo lili m'thumba la malaya, likundiotcha.
Abiti Sanudi sanasiye nyundo.
Anamvetsera zonse, mwala ukusweka pakati pa mawu anga.
Atatero anati:
Usiku umenewo Likangala anadzaza mpaka pamlatho.
Anandinyamula pa njinga ya malemu,
ine ndikuluma mpango.
Mwana woyamba ndinamuika m'manda, uyu analira.
Chaka chatsopano chinandipeza ndili kale ndi mwana pabere.
Mukufuna ndinene kuti ululu umenewo
ndinaumva Lachinayi pamene ndinaumva Lolemba?
Musunthe golo lanulo, ndi njerwa.
Tsiku langa musalikhudze.

Twaibu anali pakhomo, akumanga ndodo ndi mphira.
Sanadzutse mutu.

Basi ya osankhidwa inanyamuka Lachisanu.
Munali Jafali, amene sadziwa kubweza mpira kumanzere,
wobadwa mu Malichi, mapepala oyera.
Ndinamugulira mandasi. Si mlandu wake.

Amati timu ya akuluakulu ilibe ndime yachinayi,
adikire zaka ziwiri, mwina zitatu.
Koma ndawaona odikira:
mmodzi akupalasa kabaza ku Matawale,
wina amatsika phiri ndi matabwa pamutu,
khosi lija linkatembenuka kufuna mpira lauma gwa.

Lolemba ndinafika pabwalo mochedwa dala.
Ndinapeza njerwa zaikidwa kale,
tiana tisanu tili pamzere, mamina pamphuno,
ndi mawu osweka a mnyamata wamkulu ndi masiku atatu:
Pinda mawondo, iwe.
Sunataye kobidi.

Buku la kusikelo ndikadali nalo m'thumba.
Ndimaiwala kubweza.